Tambala wa ku Katowo ndi Mawu Akuti Fumble

Nkhani iyi ndi yamanyazi, ndipo ndakhala ndikuikhalira ngati nkhuku pamazira. Koma poti ku Katowo ngakhale oyendetsa mapikapu akuidziwa, ndipo aliyense akuthiramo mchere wake, bola ndiinene ndekha. Sekani, koma musekere kumbali.

Ine ndine mwana wa ku Ndirande, wobadwira ndi kukulira mu Blantyre. Boma linanditumiza ku Rumphi, ku ofesi ya zaulimi. Musamve zaulimizo n'kuganiza kuti ndimadziwana ndi khasu. Ntchito yanga ndi makompyuta. Printer ikatafuna pepala, woitanidwa ndine. Nkhuku ndinkaidziwa ili m'pulasitiki, yozizira, yopanda mutu komanso yopanda maganizo.

Kumeneko n'kumene ndinakumana ndi Lusungu, namwino wochokera ku Katowo. Ndinamukonda mtsikanayu moti ngakhale mphepo ya mu June yotsika ku Nyika sindinkaimva. Nditamuuza kuti ndikufuna banja, iye sanavine.

"Adada akuti musanatumize thenga, akuoneni kaye ndi maso awo," anatero.

Thenga ndi munthu amene amakakunenera za ukwati kwa makolo a mkazi. Popanda iyeyo, kumpoto kuno sukwatira.

"Nanga akandikana?"

"Ndiye kuti zathera pomwepo. Ine sindingakwatiwe adada atapukusa mutu. Wina anabwerapo, anabwezedwa chifukwa anakhala pampando asanauzidwe."

Bambo akewo, a Mhango, anali hedimasitala wopuma, mkulu wa mpingo, munthu amene Chingerezi chake ngakhale azungu amachimvera ataima.

"Ndiye ndikachite bwanji?"

"N'zosavuta. Musakalankhule kwambiri. Chilichonse akakupatsani, landirani ndi manja awiri, nenani kuti yewo chomene, ndiye zikomo kwambiri wa kwathu ameneyo. Basi."

Basi, anatero. Basi! Mawu amenewo ndi amene anandipha.

Loweruka ndinavala suti yanga ya imvi, n'kukwera pikapu ya ku Katowo. Ndinakhala pathumba la feteleza, pakati pa njinga ndi mayi wina wonyamula tomato. Pofika, suti ya imvi ija inali yofiira ndi fumbi, koma mtima unali wolimba. Ndinadziuza kuti munthu amene anakulira mu Ndirande sangaopsedwe ndi mudzi.

Lusungu anali atafika dzulo lake. Anandilandira pakhomo ngati sakundidziwa, n'kundilowetsa pabalaza, iye n'kuzimirira kukhitchini kumene kunali azimayi.

Pabalazapo panali akuluakulu awiri. A Mhango anali atavala tayi ndi magalasi. Pambali pawo panali akulu awo, amene aliyense ankawatcha a Dokotala ngakhale anali medical assistant wopuma. Ndinaima chiimire mpaka atandiloza mpando.

"Monire, alendo," anatero a Mhango.

"Yewo chomene, sir."

"Ntchito mukugwira kuti?"

"Ku agriculture, sir."

"Very good!" a Mhango anamenya dzanja pabondo. "Akulu, mwamva? Munthu wa nthaka! Munthu wa ziweto!"

Ndikanawongola pomwepo. Koma ndani amawongola apongozi akumuyamikira? Ndinangomwetulira ngati munthu amene ali ndi ng'ombe makumi.

Tikucheza choncho, pakhomo panagwada amayi ake a Lusungu, aNyaKumwenda. M'manja anali ndi tambala wofiira, wamkulu, wa lipombo logwera mbali ngati chipewa cha munthu wonyada. Anamupereka kwa a Dokotala, ndipo a Dokotala anadzuka n'kubwera naye kwa ine.

"Alendo, nkhuku yanu iyi."

Tsopano ndikuuzeni chimene ine sindinkachidziwa. Kuno mlendo wolemekezeka amamuonetsa nkhuku ikadali yamoyo, kuti aone yekha kuti sakumuphikira yofa ndi chitopa. Mlendoyo amaigwira, amathokoza, n'kuibweza kuti ikaphedwe. Ndi mwambo wa kamphindi chabe. Mwana aliyense wa ku Katowo amaudziwa.

Ine ndinaona mphatso. Kwathu ku Ndirande chinthu akakupatsa akupatsa, ndipo wanzeru amachibisa msanga eni ake asanasinthe maganizo.

Ndinamulandira tambala uja ndi manja awiri. "Yewo chomene!" Ndinamukhazika pamiyendo, n'kumukumbatira. Mumtima ndinali nditayamba kale kumanga khola kuseri kwa nyumba yanga ya lendi.

A Dokotala sanachoke. Anaima pomwepo, manja ali chitambasulire.

Ndinaganiza kuti akufuna moni wina. Ndinamupana tambala m'khwapa, n'kuwagwira chanza mwamphamvu.

"Yewo chomene, a Dokotala!"

Anayang'ana dzanja lawo, anayang'ana mng'ono wawo, n'kubwerera pampando pang'onopang'ono. ANyaKumwenda anagwadabe pakhomo kwa kanthawi, akundiyang'ana pamiyendo. Kenako anadzuka n'kutuluka. Panja ndinamva mpeni ukunoledwa pamwala, ndipo ndinasangalala kuti akutikonzera zabwino.

Macheza anapitirira. A Mhango anandifunsa za makolo anga, za mpingo wanga, za mtengo wa feteleza. Ine ndinkayankha, tambala akundiyang'ana ndi diso limodzi. Akuluakulu aja kundiuza kuti bwezani sakanatha, chifukwa kulanda mlendo chimene wamupatsa n'kumuvula pagulu. Choncho anayamba kuzungulira.

"Yalemera nkhukuyo, eti?" anatero a Mhango.

"Yalemera ndithu, sir. Mumadyetsa bwino."

"Mwina manja atopa. Amama angathe kukupumuzani."

Apa ndinaona mpata woonetsa kuti ndine munthu woyamika. Ndinakhosomola, n'kuwongola msana.

"Ayi, sir, asavutike. Mphatso yochokera kwa inu siingandilemere. Ndikulonjeza pamaso panu kuti tambala uyu ndimusamala ngati mwana wanga. Mpeni sudzamukhudza. Ameneyu adzafa ndi ukalamba!"

Kunja mpeni uja unasiya kulira. Chimene chinalira ndi mimba ya a Dokotala.

"Very touching," anatero a Mhango, akupukuta magalasi.

Ine ndinati ndagoletsa chigoli.

Dzuwa linakwera. Kukhitchini madzi ososolera nkhuku anawira, anaphwa, anathiramo ena. Miyendo yanga inachita dzanzi. Tambala anayamba kutopa ndi chikondi changa, ndipo ankandijompha batani la malaya.

Kenako pawindo, kumbuyo kwa akuluakulu aja, panatulukira nkhope ya Lusungu. Anatambasula manja onse awiri kutsogolo, n'kumawakankha, maso ali tong'o.

Ndinamva. Manja awiri! Ndinali nditayamba kugwira ndi dzanja limodzi. Ndinamunyamula tambala ndi manja onse, n'kumukweza m'mwamba pang'ono kuti Lusungu aone kuti malangizo ake ndikuwatsata.

"Mukumuyeza kulemera?" anafunsa a Dokotala.

"Ndi chizolowezi cha kuntchito," ndinatero. Bodza limabwera lokha munthu ukapanikizika.

Lusungu anagwira mutu. Kenako analoza tambala, n'kudutsitsa chala pakhosi pake.

Ndinaganiza kuti akundiuza kuti ndatha, adada andikana kale. Mantha anandigwira zenizeni, ndipo munthu wamantha amakumbatira chimene chili pafupi. Ndinamufinya tambala uja pachifuwa mpaka anatulutsa mawu amene sindinamvepo kwa nkhuku.

Apa aNyaKumwenda anaona kuti akuluakulu afa ndi njala, ndipo anabweretsa tiyi. Sanali tiyi wamba. Anabwera pathireyi, m'makapu a maluwa amene a Mhango anapatsidwa popuma ntchito, makapu otuluka m'kabati pokhapokha kukabwera abusa. Panali tiipoti wake, kajagi ka mkaka, ndi mbale ya shuga.

"Let us pray," anatero a Mhango.

Tonse tinatsinzina.

Mapemphero a a Mhango sathamanga. Anayambira kwa odwala, n'kupita kwa amasiye, n'kukafika kwa atsogoleri a dziko. Ali pa nkhani ya mvula, ndinamva kanthu kofunda kakutsetsereka pantchafu panga. Tambala anali atapereka maganizo ake pa suti yanga. Ndinaluma mano, osatsegula maso.

Kenako foni inayamba kunjenjemera m'thumba la m'kati mwa jekete. Anali Lusungu, atatopa ndi zizindikiro. Vuto linali lakuti pathumba pomwepo m'pamene ndinapanikizira nthiti za tambala.

Tambala anali asanamvepo dziko likunjenjemera m'nthiti mwake. Anakuwa!

Ndinachotsa dzanja limodzi kuti ndizimitse foni. Phiko linamasuka n'kundiwomba mbama. Ndinabweza dzanja kuphiko, foni inatuluka m'thumba. Ndinasiya phiko kuti ndiwakhe foni, foni inandidumpha m'zala, ndinaiwakhanso, inadumphanso. Tambala anandiponda pachifuwa ndi zikhadabo, n'kukwera paphewa. Ndinagwira mwendo, unapulumuka. Ndinagwira khosi, linaterera. Ndinagwira mchira!

Zonsezi zinkachitika ine ndili chete, chifukwa a Mhango pemphero sadula. Anangokweza mawu pang'ono n'kupitiriza kupempherera achinyamata a masiku ano.

Mchira unatsala m'manja mwanga. Mwini mchira anatera pathireyi.

Khoo! Phwaa! Ngwee!

Ndinadziponya kuti ndipulumutse tiipoti. Ndinamugwira ndithu, koma chogwirira chinali chotentha, ndipo ndinamusinthira kudzanja lina limene linali lodzaza ndi nthenga. Anagwa. Tambala anaponda mu shuga, anadumphira pamutu pa a Dokotala, n'kutulukira pawindo limene Lusungu anali ataima.

"Amen," anatero a Mhango.

Anatsegula maso. Anandipeza nditagwada pansi m'dziwe la tiyi, dzanja lina nthenga, dzanja lina chivindikiro cha tiipoti. Foni inali m'kajagi ka mkaka, ikunjenjemerabe. Makapu a maluwa anali zidutswa mpaka kunsi kwa kabati.

"Amen," ndinatero nanenso, mochedwa.

Ndinadikira kukalipiridwa. Ndinadikira kuuzidwa kuti nyamukani. Koma a Mhango anavula magalasi, n'kutembenukira kwa akulu awo.

"Akulu, ine ndinatsinzina. Chachitika n'chiyani?"

"Ine ndinaona ndi diso limodzi," anavomera a Dokotala, akuchotsa shuga m'tsitsi. "He bungled it."

"No, no, no." A Mhango anakweza chala, ndipo ndinaona hedimasitala akudzuka mwa iwo. "Malinga ndi phokoso limene ndamva, mawu ake ndi fumble."

"Bungle!"

"Fumble, akulu! Fumble ndi pamene manja akufuna kugwira chinthu koma sakudziwa pogwira. Chimaterera, amachiwakha, chimatereranso. Goloboyi mpira ukamupulumuka m'manja, he has fumbled. Woledzera akamafufuza pobayira kiyi pachitseko, he is fumbling. Mtima umakhala wabwinobwino, zitsiru ndi zala."

"Nanga bungle?"

"Bungle ndi kuwononga ntchito yonse kuyambira kumutu. Pamenepo cholakwa si zala, ndi nzeru."

A Dokotala anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumawondo. "Ndiye apa pali zonse ziwiri. Mutu unayamba m'mawa, zala zangomalizitsa."

"Point taken," anatero a Mhango. "Koma zimene zaswa makapu anga ndi zala."

Ine ndili chigwadire, tiyi akulowa m'masokosi, anthu akukangana za dzina la matenda anga.

"Zaka zonse zimene ndinaphunzitsa," a Mhango anapitiriza, "mawu amenewa ana ankavutika nawo chifukwa ndinalibe chitsanzo chabwino. Lero chitsanzo chabwera chokha pa pikapu. Young man!"

"Sir!"

"Use it in a sentence."

"I fumbled the chicken, sir."

"Mokweza, amve ndi akukhitchini."

"I fumbled the chicken, sir!"

"Correct."

Kukhitchini kunaphulika kuseka kumene azimayi anakhala akukusunga kuyambira m'mawa. Wina anachita kutsokomola.

Kenako a Dokotala, poti tsopano panalibenso ulemu woti n'kuuteteza, anandifotokozera za mwambo uja. Ugwire, uthokoze, ubweze. Anandiuza kuti amene ndinamulonjeza ukalamba uja ndiye anali ndiwo zanga za masana, ndi zawonso.

Ndikanakonda nthaka ya Katowo ikanang'ambika n'kundimeza ndi suti yomwe.

"Ndifunseko," anatero a Mhango. "Ku agriculture kuja, kwenikweni mumagwira chiyani?"

"Makompyuta, sir."

"Osati ziweto?"

"Ayi, sir."

"Aaa." Anapumira m'mwamba. "Ndiye kuti boma likadali ndi nzeru."

Ndinadzuka. "Sir, ndiloleni ndikamugwire tambalayo."

"Ayi!" onse awiri anakuwa pamodzi.

"Khalani pansi, alendo," anawonjezera a Dokotala. "Kunjako kuli mbuzi zabere."

ANyaKumwenda analowa ndi tsache. Ndinagwada kuti ndiwathandize kutola zidutswa, ndikupepesa m'Chichewa, m'Chingerezi ndi m'Chitumbuka changa cha mawu anayi. Anangondichotsa chidutswa m'manja mofatsa, ngati mmene umalandira mpeni kwa mwana.

Masana amenewo tinadyera nyemba. Ine anandipatsa mbale yachitsulo ndi kapu yapulasitiki. Tambala anali pamwamba pa chigafa cha fodya, wopanda mchira, akulira ngati wapambana chisankho. A Dokotala ankatafuna nyemba maso ali kwa iye.

Kuseka n'kwa inu. Ine sindinkaseka. Ndinkadziwa kuti Lusungu ndamutaya. Ngati wina anabwezedwa chifukwa cha mpando, nanga ine amene ndaswa makapu a abusa, ndanamiza akuluakulu, ndi kudyetsa banja lonse nyemba pa tsiku la nkhuku? Ndinamuona Lusungu akudutsa ndi ndowa, maso ali ofiira, osandiyang'ana n'komwe. Misozi inalengeza m'maso mwanga, ndipo ndinanamizira tsabola.

Titadya, a Mhango analowa kuchipinda ndi akazi awo. Anakhalitsako. Potuluka anatenga ndodo yawo.

"Tiyeni ndikuperekezeni. Pikapu yomaliza isakusiyeni."

Tinayenda mpaka pampanda. Kumbuyo ndinkamva kuti chitseko cha khitchini chatsegulidwa pang'ono, ndipo ndinkadziwa amene anali kuseri kwake. Ndinalimba mtima.

"Sir, pepani chifukwa cha zonse. Za thenga zija ndikudziwa kuti..."

"Thenga abwere."

Ndinaima. "Sir?"

"Ndati thenga abwere. Kodi makutu nawonso amachita fumble?"

Kukhitchini kunamveka kamfuu, kenako ndowa kugwa. Chimwemwe chinandikwera kumutu. Ndinatambasula manja onse awiri kuti ndiwagwire chanza, koma a Mhango anabwerera m'mbuyo msanga, dzanja lina litateteza magalasi.

"Pomwepo, pomwepo. Tithokozane chapatali."

"Yewo chomene, sir! Yewo chomene!"

"Musathokoze kwambiri. Amama avomera chifukwa akuti munthu amene wamvera chisoni tambala sangamenye mkazi. Amenewo ndi maganizo awo. Ine ndavomera pa chifukwa china."

"Chifukwa chanji, sir?"

Anandiyang'ana m'manja kwa nthawi yaitali, n'kupukusa mutu.

"Lusungu ali ndi miyendo yake, amayenda yekha. Akanakhala wochita kunyamulidwa, sitikanakupatsani."

Abale anga, ndiwo sitilera pamiyendo.